Kalata Yaitali ya Malemu Lufeyo

Kunali dziko, kuseri kwa mapiri kumene netiweki imagwira pokhapokha utakwera pachulu, lotchedwa Tangomva. Dzinali silinabwere pachabe ayi. Anthu akumeneko ukawafunsa kuti nkhani imeneyi mwaiwerenga kuti, ankangoti, "Aaa, ife tangomva." Mafoni anali nawo, eee, aliyense, mpaka ogulitsa makala. Koma kuwerenga ndiye kunali kwa anthu ena. Chala chinkangotsetsereka pagalasi ngati chaponda therere, maso akusaka zithunzi basi.

Mfumu yawo inali Ndatopa Wachitatu. Akuti tsiku lina anaipatsa lipoti la njala la masamba awiri, ndipo isanafike pakati pa tsamba loyamba inayasamula mpaka nsagwada zinalira. Mawa lake nduna zonse zinakumana kunyumba yachifumu mumzinda wa Mphekesera, ndipo panatuluka lamulo: uthenga uliwonse wolembedwa m'dzikomo usapitirire mawu asanu ndi awiri. Wopitiriza, zaka zitatu kundende.

Nduna ina inafunsa kuti nanga mauthenga a maliro, poti pamafunika kutchula ana, zidzukulu, mpingo ndi tsiku loika? Anakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Kenako anagwirizana kuti akufa okha ndiwo aloledwe uthenga wautali, chifukwa ati sadzavutitsanso kachiwiri.

Panalinso kalamulo kena, koti wolembera Mfumu aziika chithunzi chake pamwamba pa uthengawo, "kuti Mfumu izidziwa nkhope za oikonda." Apolisi anakayamikira kwambiri kalamulo kameneka.

Tsono kutsidya kwa mtsinje wa Dikirani kunali mudzi wa Kwaiwalika, ndipo kumeneko kunkakhala Nangondo, mayi wogulitsa zitumbuwa pamsika wa Wamvanji. Mlatho wa pa Dikirani unakokoloka zaka zinayi zapitazo, ndiye m'mawa uliwonse Nangondo ankawoloka madzi ofika m'chiuno, beseni lili pamutu. Tsiku lina anaterereka pamwala, bondo linang'ambika, zitumbuwa zonse zinapita kukadyetsa nkhanu.

Amuna ake, a Lufeyo Chimbalanga, anali telala. Munthu wadazi, wofatsa, koma ali ndi matenda amodzi: kuwerenga. Ukawagulira usipa, iwo ankayamba awerenga kaye nyuzipepala yokulungirayo, mbali zonse ziwiri, usipa ukudikira. Tsikulo anaona bondo la akazi awo. Anangotseka mashini, n'kukhala pakhonde masiku atatu akudinadina foni ndi chala chimodzi.

"Abambo, mwapitirira mawu asanu ndi awiri kalekale," anatero Nangondo akusuzumira.

"Mlatho wa zaka zinayi sungakwane m'mawu asanu ndi awiri, Nangondo."

"Koma inu mukwana bwinobwino m'chitolokosi."

Sanamve. Lolemba m'mawa anasankha chithunzi chawo chabwino kwambiri, chija anajambulitsa paukwati wa mphwawo, ali mu suti yakuda, osaseka, maso ali kutali ngati akuona angelo. Anachiika pamwamba pa kalatayo n'kutumiza pagulu lalikulu la pafoni la dziko lonse, lotchedwa Tonse Timaikonda Mfumu.

Nangondo atangofika pamsika, asanatule n'komwe beseni, mnzake Esinati wa tomato anamugwera pakhosi akulira.

"Mayo ine! Nangondo, mwana wa amayi anga, wabweranso kudzagulitsa? Mtima wakowu ndi wamwala?"

"Iwe, tandisiya, ugwetsa zitumbuwa. Chachitika n'chiyani?"

"Amuna ako!"

"Atani? Ndawasiya akumwa tiyi."

"Ndi mmene zimakhalira," anatero Esinati akupukuta mamina ndi chitenje. "Amamwa tiyi, kenako basi."

Anamuonetsa foni. Pamwamba panali a Lufeyo mu suti yawo, pansi pake mawu ambirimbiri, ndipo pansi pa mawuwo tinkhope tolira tosawerengeka, tikubwerabe ngati ngumbi. Mzimu wawo uuse mumtendere. Tidzakumana kumwamba. Wina analemba kuti anawaona sabata yatha ataonda. Wina anati ankatsokomola koma ankabisa. Bambo wina anangolemba kuti, "Nanga buluku langa lija?"

"Esinati, wawerenga zimene zalembedwazi?"

"Ndiwerenge bwanji misozi ili m'maso? Komanso taona kutalika kwake. Wamoyo angalembedwe chonchi?"

Nangondo anatulutsa foni yake n'kulemba pagulupo: "Ali moyo. Akusoka kunyumba." Mayankho anabwera nthawi yomweyo. Zoonadi mayi, ali moyo m'mitima mwathu. Limbani mtima. Wina anatumiza chithunzi cha nkhunda.

Dzuwa lili pamutu, msika wonse unangoti zii, mafoni akulira kamodzinkamodzi. Mfumu yeniyeniyo inali itayankha: "Telala wathu wokondedwa. Maliro a boma Loweruka." Amiseche ankati Mfumuyo inali itangogula suti yakuda kunja ndipo inkasowa koivalira, koma zimenezo n'za amiseche.

Pobwerera kunyumba Nangondo anapeza a Yotamu, mng'ono wawo wa a Lufeyo, atafika kale ndi njinga ndi zingwe. Ankazungulira mashini osokera aja ngati mphamba, eni ake ali pomwepo akusoka kolala.

"Mlamu," anatero a Yotamu, osayang'ana achimwene awo, "tawauzani malemu asunthe miyendo, ndikufuna ndione ngati chopondera chili bwino."

"Yotamu, ndine ndemwe," anatero a Lufeyo.

"Mwamva mlamu? Mawu ake enieni. Zimachitika masiku oyambirira."

Kenako anakhala pampando n'kufotokoza bwinobwino, mwaulemu wonse. Loweruka adzukulu akangokwirira bokosi, akuchimuna amusudzula Nangondo monga mwa mwambo, banja lithere pomwepo. Mashini apita. Malemunso apita nawo kwawo, chifukwa munthu wakufa sakhala pachikamwini.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu," anatero Nangondo. "Zithe chifukwa cha chithunzi?"

"Ife tangomva, mlamu."

Lachiwiri palibe anabweretsa chovala. Kugolosale anakana kuwagulitsa a Lufeyo shuga, ati ndi malodza. Amayi a kumpingo anabwera kudzaimba nyimbo zachisoni pabwalo, ndipo a Lufeyo atawatulutsira mipando, amayiwo anathokoza Nangondo.

Lachitatu Nangondo anawagwira amuna ake padzanja, anawoloka nawo Dikirani, n'kukwera minibasi ya ku Mphekesera. Anakafika mpaka mu ofesi ya Nduna ya Mauthenga ndi Tizithunzi, a Gwedezani, bambo wonenepa khosi amene mutu wake unkangovomera wokha ngakhale palibe walankhula. Patebulo pawo panali mafoni anayi, buku ngakhale limodzi ayi.

"Bwana, awa ndi amuna anga, a Lufeyo. Ali moyo. Agwireni mumve."

"Mayi, ine ndikuwaona," anatero a Gwedezani akugwedeza mutu. "Maso anga alibe vuto. Koma maso anga si boma."

"Nanga boma ndi chiyani?"

"Boma ndi zimene Mfumu yalemba. Kapena mukufuna kunena kuti Mfumu yanama?"

"Ayi bwana. Kungoti sinawerenge."

"Mfumu siwerenga, mayi. Mfumu imadziwa." Anatembenuza foni imodzi n'kumuonetsa. "Taonani, anthu zikwi makumi anayi alira. Inu otsutsa mulipo awiri, ndipo mmodzi ndi malemu."

A Lufeyo anakweza dzanja ngati mwana wasukulu. "Pepani bwana, m'bokosimo muikamo chiyani?"

Nduna inayankha ikuyang'ana Nangondo. "Auzeni kuti tiikamo chithunzi, poti ndi chimene anthu anachilira. Iwowo akhoza kubwera kumaliro, sitikaniza munthu maliro ake. Koma akhale kumbuyo ndipo asalankhule. Asatichititse manyazi pamaso pa alendo."

Nangondo anayang'ana mafoni anayi aja. Anaganiza kuti ngati anthu a dziko lino sawerenga ndi maso, mwina makutu akadalipo. Akangoimva kalatayo, adziwa okha kuti si uthenga wa maliro.

"Ndiye ine monga namfedwa ndili ndi pempho limodzi," anatero. "Mawu omaliza a malemu awerengedwe pamaliropo. Onse. Mokweza."

"Aaa, zimenezo n'zololedwa," anatero a Gwedezani mosangalala. "Malemu alibe malire. Ndiwerenga ndekha, mawu anga amamveka bwino pa maikolofoni."

Loweruka bwalo lalikulu la ku Mphekesera linadzaza. Abale inu, maliro ake! Makwaya asanu, nkhata za maluwa apulasitiki, bokosi lonyezimira loti a Lufeyo sakanaligona ngakhale atafadi. Nduna zinakhala kutsogolo, iliyonse foni ili m'mwamba ikudzijambula misozi. Ina inalira, n'kuona kuti chithunzi sichinatuluke bwino, n'kuyambiranso. Mfumu Ndatopa inakhala pakati mu suti yake yatsopano, ndipo kunena zoona inaikhala.

Nangondo anamukhazika pamphasa pafupi ndi bokosi, atamumanga mpango wakuda, Esinati ali pambali pake kuti azimugwira akakomoka. A Lufeyo anali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi ogulitsa mafiriziizi, atavala buluku limene anasita okha m'mawa.

A Gwedezani anaimirira, anatsokomola, n'kuyamba.

"Mfumu yathu, ine Lufeyo Chimbalanga, telala wa ku Kwaiwalika, ndikulemba kalatayi ndili bwinobwino, thupi ndi mutu womwe."

"Mayo!" analira mayi wina. "Ankadziona ngati ali bwino!"

Bwalo lonse linabuma. Nangondo anangogwira kumutu.

"Mlatho wathu unapita ndi madzi zaka zinayi zapitazo," inapitiriza nduna. "Kuchokera pamenepo watsegulidwa katatu, koma pafoni pokha. Chithunzi chake n'chokongola, ndipo tikuthokoza, kungoti tayesa kuwolokerapo zakanika. Mvula ikagwa ana athu amaima kutsidya n'kumaonera sukulu yawo ngati kanema. Mayi woyembekezera timamunyamula pachitseko, amuna anayi, madzi ali m'khosi. Sabata yatha mkazi wanga, amene sanadandaulepo chikwatirane, anagwa pamwala. Ine ndasoka zinthu zambiri pamoyo wanga, Mfumu, koma bondo la mkazi wanga ndalephera."

Pamenepo kulira kwa dala kuja kunayamba kuchepa. Mafoni anatsika pang'onopang'ono. Anthu anali asanamvepo mawu ambiri chonchi otsatana, ndipo ena anadabwa kuti akuwamva bwinobwino, mutu osawawa. Mfumu nayo sikanatha kuyasamula pamaliro makamera ali pamphuno, ndiye kwa nthawi yoyamba chilowereni ufumu inamvetsera chinthu mpaka kumapeto.

Nduna itamaliza, Mfumu inaimirira, misozi yeniyeni ikutsikira pa suti.

"Bwanji palibe anandiuza zimenezi?" inafunsa.

Nduna zonse zinayang'ana nsapato zawo.

"Munthu wanzeru chonchi, n'kumwalira ndisanamuone! Ndalamula: pa Dikirani pamangidwe mlatho, wa simenti, woti anthu n'kupondapo. Dzina lake Mlatho wa Malemu Lufeyo!"

Anthu a ku Kwaiwalika analumpha. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Esinati anaiwala kuti ali pamaliro n'kuyamba kuvina chogwada. Nangondo yekha ndiye sanakondwere. Kalata yamveka, inde, koma palibe ngakhale mmodzi amene anazindikira kuti wolembayo sananene paliponse kuti wafa. Adzukulu anali atayamba kale kunyamula bokosi, ndipo a Yotamu anali akumwetulira chapatali.

Kumbuyo kuja a Lufeyo ankangosinthasintha miyendo. Munthu woti analemba masiku atatu ndi chala chimodzi amadziwa mawu ake onse ngati ana ake, ndipo akasowa mmodzi amadziwa. Anayesa kudzigwira, anayesa kuluma lilime, koma zinakanika.

"Mwadumpha ndime!"

Bwalo lonse linatembenuka.

"Mwadumpha ndime, bwana!" anakuwanso, chala chili m'mwamba, dazi likunyezimira. "Yachinayi! Ija ya matumba a simenti amene anabwera kudzamanga mlatho n'kukasanduka mpanda wa nyumba ya nduna ina. Ndinailemba bwino kwambiri imeneyo!"

Mutu wa a Gwedezani unasiya kugwedezeka koyamba m'zaka khumi. Adzukulu anatula bokosi. Wogulitsa mafiriziizi anasuntha pang'ono.

"Ameneyo ndani?" inafunsa Mfumu.

Anthu anayang'anana. Kenako wina chapakati anati, "Ndi malemu, Mfumu."

Mfumu inayang'ana chithunzi chimene chinali pabokosi, inayang'ana munthu wadaziyo, inayang'ananso chithunzi. Kenako inaloza Nangondo.

"Mayi, inu ndiye mukudziwa. Munthu uyu ndi wakufa kapena wamoyo?"

A Gwedezani anafika msangamsanga pamphasapo, anawerama ngati akupepesa namfedwa, n'kunong'ona. "Ganizani bwino, mayi. Akakhala malemu, awa ndi mawu opatulika, mlatho mwapata. Akakhala wamoyo, ndi mawu mazana asanu ndi atatu. Zaka zitatu, ndipo mlatho muuiwale."

Esinati anamukoka chitenje. "Mlatho, mnzanga. Mwamunayo sakupita kutali, uzikamuona kwawo ngati mzukwa. Ena tili ndi amuna amoyo koma sitiwaona n'komwe."

Kumbuyo kwake anthu a ku Kwaiwalika ankanong'ona onse pamodzi ngati mphepo m'chimanga: malemu, malemu, malemu.

Nangondo anagwira bondo lake, linali likuwawabe. Anaganiza za madzi ozizira a m'mawa, za ana oima kutsidya, za chitseko chonyamulira amayi. Zonsezo ankazidziwa kuposa aliyense pabwalopo. Kenako anayang'ana kumbuyo. Amuna ake anali chiimire, chala chikadali m'mwamba, buluku lili ndi mzere wowongoka ngati akupita kuukwati, akudikira kuti wina awerenge ndime yachinayi. Chitsiru cha munthu. Chitsiru chake.

Anaimirira, anamasula mpango wakuda uja n'kuupinda bwinobwino.

"Ali moyo, Mfumu. Amaliza mkonono, amadya kawiri, ndipo samva zonena anthu. Amangeni."

Bwalo lonse linati haaa, ngati tayala laphulika.

Nkhope ya Mfumu inasintha. "Ndiye kuti misozi yangayi ndalirira wamoyo?" Inapukuta m'maso mwaukali ngati ikufuna kuibweza. "Wamoyo n'kundiyankhula chonchi? Pamaso pa makamera?"

"N'chipongwe, Mfumu," anatero a Gwedezani, mutu utayambiranso ntchito. "Ndipo Mlatho wa Malemu sungamangidwe popanda malemu. Lamulo silingalole."

Apolisi sanavutike kusaka, nkhope anali nayo kale. Pomwe ankawamanga unyolo, a Lufeyo ankawafotokozera za ndime ija, kuti inali ndi chiganizo china chokoma kwambiri chapakati. Nangondo anawatsatira mpaka pagalimoto ndipo anakana kuchoka mpaka atamupatsa pepala. Mkulu wa apolisi analemba ataliika pabondo: "Lufeyo Chimbalanga, wamoyo, wamangidwa chifukwa cholemba kwambiri." Anadindapo chidindo cha Mfumu.

Nangondo anapita nalo molunjika kwa a Yotamu.

"Alamu, boma lalemba. Zingwe zanu zija mukamangire mbuzi."

Lolemba pamsika wa Wamvanji palibe anamupatsa moni. Zitumbuwa zinauma m'beseni. Amayi ankadutsa akutsonya, ena akukweza zitenje dala kuti aone mmene zanyowera. Chakumasana Esinati analephera kupirira.

"Mlatho wathunthu, Nangondo. Wa simenti. Wausinthanitsa ndi mwamuna mmodzi, wadazinso."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa basi? Mawa tiwolokanso madzi chifukwa cha iwe."

"Ndiwoloka nanu. Ndipo ndidzawolokanso kachiwiri kukapereka chakudya kundende."

Esinati anamuyang'ana nthawi yaitali, anatsonya, kenako anatola tomato atatu ofewa n'kuwaponya m'beseni mwake. "Ukawathirire m'nyemba. Koma usandilankhule mpaka Lachisanu."

Lachiwiri Nangondo anawoloka Dikirani, kambale ka mbatata ndi nyemba kali pamutu, n'kukafika pachipata cha ndende chitenje chikudontha. Pamzere panali amayi ambiri ndi timbale tawo. Msilikali wa pachipata anali ndi buku lalikulu lolembamo alendo, ndipo ankalemba mwaulesi, diso limodzi lili pafoni.

"Mwadzaona ndani?"

"A Lufeyo Chimbalanga."

Msilikaliyo anadzutsa mutu. "Ooo, ndakudziwani! Ndinakuonani pafoni, munali pamphasa paja. Pepani kwambiri, mayi." Analemba msangamsanga n'kumukodola kuti adutse.

Nangondo sanadutse. Anatula kambale pansi, anatembenuza bukulo n'kuyang'ana. Pamalo pa ubale panalembedwa kuti namfedwa.

"Fufutani."

"Mayi, pamzere pali anthu."

"Adikira. Fufutani, mulembe kuti mkazi wake. Mukamaliza muwerenge mokweza, ndimve."

Msilikaliyo anayang'ana amayi a pamzere, koma onse anali atatula timbale tawo, akudikira. Anaika foni m'thumba, anadula mzere pa liwu lija, analemba lina pamwamba pake. Kenako anaika chala pansi pa zilembozo n'kuyamba kuyenda nacho pang'onopang'ono.

"Mka... mkazi wake."

"Eya," anatero Nangondo, akunyamula kambale kake. "Tsegulani, nyemba zikuzizira."